Mkono Wachiwiri wa Juzi ya Bambo

1. Pamwamba pa kabati

M'nyumba iliyonse mumakhala malo amene zinthu zimakathera. Kwa Theka malo amenewa anali pamwamba pa kabati ya m'chipinda chochezera. Pamenepo panali gitala ya zingwe zitatu, buku lojambulamo lomwe linalekezera patsamba lachisanu, kachikwama ka mikanda kopanda chogwirira, ndi zitini zinayi za maluwa amene anauma asanaphuke. Zonsezi zinali za mtsikana mmodzi wa zaka khumi ndi zinayi.

Dzina loti Theka silinali lobadwa nalo ayi. Anamupatsa ndi mayi ake tsiku lina atapeza kuti wakolopa nyumba mpaka pakati, chikolopa n'kuchisiya pomwepo chifukwa panja panadutsa anzake. Dzinalo linamata ngati phula. Ngakhale mng'ono wake Kamlomo, mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amene pakamwa pake sipankauma, ankamuitana choncho. Theka ankadana nalo dzinali kuposa mankhwala owawa.

Nyengo yotentha itatsala pang'ono kutha, kunabwera azakhali, mlongo wa bambo, kuchokera kumapiri kumene amakhala. Azakhaliwa ankaluka paliponse. Ankaluka akucheza, akumvera wailesi, ngakhale akukalipa. Theka anangoyang'ana singano ziwiri zija zikuvina m'manja mwawo, basi mtima dyokodyoko. Pomwe pankatha masiku atatu anali atadziwa kuluka. Tisamunamizire mwanayu, mutu anali nawo ndipo manja ake anali opepuka.

Tsiku lachinayi maso ake anagwera pa juzi ya bambo. Bambo ankakonza mawotchi pa katebulo kawo pakhonde la sitolo ina m'tauni. Tsiku lonse ankatsamira katebuloko ndi zigongono, motero juzi yawo yofiirira, yomwe inali imodzi yokhayo, inabooka m'zigongono monse muwiri.

"Ababa, juzi iyi ndiimasule, ndikulukireni yatsopano ndi ulusi womwewu," anatero Theka.

Mayi anaika kapu pansi mwamphamvu. "Bambo ake, musayerekeze! Tayang'anani pamwamba pa kabatipo. Mukufuna juzi yanu ikakhale pambali pa gitala?"

Bambo anayang'ana kabati, n'kuyang'ana mwana wawo. Kenako anapita kuchipinda, n'kubwera nayo juziyo ili m'manja.

"Kuzizira kudakali kutali," anatero. "Tchuthi chikubwerachi tikupita kwa azakhali ako. Ndikavale kumeneko."

2. Mawu a azakhali

Kumasula juzi kunali kokoma. Theka anangokoka ulusi, mizere n'kumasungunuka yokha, Kamlomo akuombera m'manja. Ulusiwo anaukulunga kumiyendo ya mpando, anauchapa m'madzi ofunda kuti uwongoke, anauyanika pamthunzi, kenako anaupanga timipira. Azakhali anawonjezerapo timipira tiwiri ta m'chikwama mwawo, m'malo mwa ulusi wa m'zigongono womwe unali utathetheka.

M'mawa wa tsiku lobwerera, azakhali anamukhazika Theka pamphepete pa bedi, n'kumupatsa singano zawo ziwiri zachitsulo.

"Tamvera kuno iwe, ndipo usandiyankhe kuti 'ndamva' ndisanamalize," anayamba choncho. "Kumasula ndi ntchito ya ola limodzi, ngakhale Kamlomo angathe. Kuluka ndi ntchito ya miyezi. Kuyambira lero bambo ako alibe juzi. Usaganize kuti ukuseweretsa ulusi, wanyamula msana wa munthu. Kutsogolo uluka mosangalala. Kumbuyo uluka ukuyasamula. Mkono woyamba udzaupirira. Koma oluka ambiri amagwera pa mkono wachiwiri, chifukwa palibenso chatsopano choti uone, ndi kubwereza basi."

"Azakhali, ine ndamv..."

"Ndati usandiyankhe! Chachiwiri ndi ichi. Ulusi umamva mtima wa woluka. Ukakhala pamtendere, umayenda momasuka. Ukakwiya, zala zimakoka osadziwa, ndipo chimene ukulukacho chimauma gwa ngati chikwanje. Tsiku limene wapsa mtima, ika singano pansi, ukatunge madzi kapena ukasese pabwalo. Ndipo mkono wachiwiri uziuyeza pa woyamba tsiku ndi tsiku, osadikira kuti uthe. Cholakwika cha tsiku limodzi umamasula ukuseka. Cha mlungu wathunthu umamasula ukulira. Ndikadzakuchingamirani pa siteji, ndidzayamba kugwira juziyo ndisanapereke moni kwa aliyense."

Theka anagwedeza mutu mwaulemu, koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Maso ake anali pa singano zonyezimirazo.

Poyamba zinayenda ndithu. Ankaluka akaweruka kusukulu, ankaluka Loweruka, ankaluka mpaka mayi ankachita kumukumbutsa kuti tiyi wazizira. Kutsogolo kunatha, kumbuyo kunatha. Mkono woyamba unamutengera milungu itatu, koma unatuluka wofewa ndi wokongola, moti mayi anautembenuza uku ndi uku osapeza cholakwika. Anangoti, "Tiona," n'kubwerera kukhitchini.

3. Kuzizira kufika

Ndiye kusukulu kunabwera mphunzitsi watsopano wa masewera, n'kuyambitsa timu ya mpira wamanja. Theka anali wamtali, ndipo tsiku loyamba lomwelo anagoletsa kanayi. Singano zija anazibaya pa kampira ka ulusi, n'kuziika m'thumba kuseri kwa chitseko. Anati adzapitiriza Loweruka. Maloweruka anadutsa asanu ndi awiri.

"Mapanga awiri avumbwitsa," mayi ankatero akamadutsa pachitsekopo.

"Ndi mkono umodzi wokha watsala, amayi. Ndi ntchito ya masiku awiri."

Mphepo inasintha. M'mawa anthu anayamba kutuluka utsi m'kamwa. Bambo ankapita kuntchito atavala malaya awiri, ena pamwamba pa anzake, kolala ziwiri zikusuzumira pakhosi. Sankadandaula. Koma pakhonde paja pankawomba mphepo tsiku lonse, ndipo zala zozizira sizigwira tizitsulo ta wotchi. Tsiku lina anabwera akutsokomola, n'kunena kuti kasikuluwu kena kawapulumuka katatu.

Sukulu inatsekera Lachisanu. Ulendo unali wa Lachitatu m'mawa. Loweruka Theka anavala nsapato zake zamasewera, koma anapeza mayi ataima pakhomo, manja m'chiuno.

"Ukupita kuti?"

"Kubwalo. Timu ikundidikira."

"Ikudikire mpaka imere ndevu! Khala pansi apo." Mayi anatenga thumba lija kuseri kwa chitseko n'kuliponya pamiyendo pake. "Ine ndatopa nawe, wamva? Gitala ndinakhala chete. Maluwa ndinakhala chete, zitini zako ndimachita kuzipukuta fumbi ngati ndi zokongoletsera. Koma izi ndiye ayi. Bambo ako akutsokomola ngati galimoto yokana kulira, chifukwa anakukhulupirira pamene ine ndinkawaletsa. Ukudziwa kuzizira kwa kumapiri iwe? Madzi a m'ndowa amachita kuluma mano. Zengerezu adalinda kwawukwawu, mwana iwe. Kuyamba chinthu si luso, aliyense amayamba. Luso ndi kukhala pansi tsiku limene sukufuna. Sutuluka pakhomo pano mpaka mkonowo utatha. Ukapanda kumaliza, ine ndikaima pa siteji ndi kuwauza azakhali ako kuti dzina lija sindinalakwitse."

"Theka! Theka!" anaimba Kamlomo ali kuseri kwa mayi.

Theka anavula nsapato n'kuziponya pakona. Nkhope inali ndwii.

4. Masiku anayi a mkwiyo

Analuka, inde. Koma analuka ngati akumenyana ndi munthu. Akamva likhweru kuchokera kubwalo, ankakoka ulusi. Mayi akadutsa n'kusuzumira, ankakoka. Kamlomo akabwera kudzafunsa kuti "watha?", zomwe ankachita pafupifupi kakhumi pa ola, ankakoka kwambiri mpaka singano zinkachita kulira. Zala zinatuluka matuza. Zoyeza pa mkono woyamba sanaziganizireko n'komwe, ankangowerenga mizere kuti ithe.

Lachiwiri masana anamaliza mzere wotsiriza. Anadula ulusi, anapuma mozama, n'kutenga mkono woyamba uja kuti aisanjike pabedi.

Mtima unangoti phwii. Mizere inali yofanana chiwerengero, koma mikonoyo sinali pachibale. Woyamba unali wotakasuka ndi wofewa. Wachiwiri unali wowonda, wouma, ndiponso waufupi ndi zala zinayi. Unkaoneka ngati sokosi ya mwana wasukulu.

Apa ndi pamene panali mphambano. Akanatha kupita kukhitchini n'kunena kuti, "Amayi, ndalakwitsa." Akanayamba kumasula nthawi yomweyo, masana onse ndi madzulo zikadali m'manja mwake. Koma anaganiza za nkhope ya mayi ndi nyimbo ya Kamlomo, n'kutseka chitseko.

Anaunyowetsa mkonowo m'beseni. Anaponda mbali imodzi ndi phazi, inayo n'kumakoka ndi manja awiri mpaka msana kuwawa. Anaulowetsa pa botolo lalikulu kuti ufutukuke. Utauma pang'ono unatalikako ndi chala chimodzi chokha. Theka anati bola pamenepo. Anasokerera mikono yonse iwiri, anapinda juziyo mochenjera, mkono wabwino pamwamba, woipa pansi.

"Ukuupondera chiyani?" Kamlomo anali pawindo, mphuno itaphwatalala pagalasi.

"Ndi mmene amachitira. Choka apo!"

Theka atawaonetsa juzi yopindidwayo, mayi anaiyang'anitsitsa. "Wamaliza ndithu? Bambo ako ayese tione."

"Ayi amayi, sinaumitsitse. Avala mawa ponyamuka."

Atatero anakwera pampando, n'kuponya singano ziwiri zija pamwamba pa kabati, pambali pa gitala. Analumbira kuti sadzazigwiranso.

5. Pa depoti

Ananyamuka kukuyera. M'nyumba munali chipwirikiti cha pa ulendo: mayi akufunafuna makiyi omwe anali m'manja mwawo, Kamlomo atavala nsapato mosemphanitsa, zikwama zitatu zikukana kutsekeka. Theka anadikira mpaka onse ataima pakhomo, ndiye n'kupereka juzi.

Bambo anaivala pamutu. Dzanja lamanzere linalowa bwinobwino. Lamanja linakakamira pachigongono. Anakankha, anapotoza phewa, anakankhanso, mpaka zala zinatulukira. Mkono wa juziwo unathera patali ndi pamene pamakhala wotchi. Bambo anauyang'ana kamphindi, munthu amene ntchito yake ndi kuona tinthu tochepa ngati njere ya mchenga.

"Ndi yofunda," anatero. "Zikomo mwanangu. Tiyeni, basi itisiya."

Theka anayembekezera kuti amva kukoma. Koma kukomako sikunabwere.

Pa depoti panali mphepo yoluma. Anthu ankakankhana pakhomo la basi, ogulitsa mabanzi akufuula, kondakitala akuponya katundu pamwamba. Bambo anagwira chikwama chachikulu kuti amupatsire, koma dzanja lamanja linakana kupindika. Linangoti njoo ngati la chidole cha m'sitolo ya zovala. Chikwamacho chinapendekeka n'kugwera m'fumbi, zipi n'kuphulika, masokosi ndi miswachi mbwee pansi.

"Madala, mkonowo ndi wa pulasitala kapena?" anafunsa kondakitala. "Anthu othyoka timawakhazika kutsogolo."

Anthu anaseka. Bambo nawo anasekako, akutola miswachi ndi dzanja lamanzere. Mayi sanaseke. Anayang'ana mkono wa juzi, anayang'ana Theka, n'kutsegula pakamwa.

"Mayi ake," anatero bambo motsitsa mawu, "tolani masokosiwo."

Mayi anawerama n'kuyamba kutola masokosiwo mokwiya.

M'basi Theka anakhala ndi bambo, mayi ndi Kamlomo mpando wakumbuyo kwawo. Zenera la pambali pa bambo linali losatsekeka bwino, mphepo inkalowa ngati mpeni. Basi itatuluka m'tauni, Theka anaba diso n'kuyang'ana dzanja lamanja lija. Linali pabondo, lowongoka. Zala zinali zitatupa, misempha itatuluka. Bambo ankazifumbata n'kuzitambasula pang'onopang'ono, nkhope atalozetsa kunja kuti mwana wawo asaone.

Zinali zala zimene zimatola kasikuluwu kosaoneka ndi maso, zala zimene zimadyetsa nyumba yonse. Theka anachita manyazi amene sanawamvepo chibadwire.

6. Ulusi ubwerera pa mpira

"Ababa, vulani."

"Bwanji? Ndi yofunda."

"Vulani, chonde. Ndinaona dzulo kuti mkonowo ndi waung'ono. Ndinauluka nditakwiya, osayeza. Ndinaunyowetsa n'kuukoka kuti musadziwe. Zoti sinaume ndinanama."

"Anaupondanso ndi phazi!" anawonjezera Kamlomo kumbuyoko, mokweza kuti basi yonse imve.

"Iwe khala chete," anatero mayi. "Za phazi bwanji sunanene dzulo, pakamwa ponsepo?"

Bambo anatembenuka n'kumuyang'ana Theka. Sanakwiye, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa kukalipa.

"Ndinadziwa dzanja likungolowa," anatero. "Koma chinthu ndi chako, ndinafuna unene wekha. Tamvera. Munthu akandibweretsera wotchi, ndikhoza kuitseka ikulira bwinobwino, koma ndikudziwa kuti m'katimo ndasiya kachitsulo kopindika. Mwini wake andithokoza, apita. Mawa achedwa kuntchito chifukwa cha ine. Kulakwitsa sindikuopa, ndimalakwitsa mlungu uliwonse. Ndimatsegulanso n'kuyambiranso. Choopsa ndi kutseka chivindikiro pamwamba pa cholakwika, n'kumupatsa munthu amene wakukhulupirira. Miyezi iwiri ya kuzizira ija sinandipweteke ngati mmene wandipwetekera m'mawa uno pamene unandipatsa juziyi maso ali pansi."

Misozi ya Theka inagwera pa siketi. Kuvula juziyo inali nkhondo ina. Theka anakoka kutsogolo, mayi anagwira phewa kuchokera kumbuyo, bambo wina wa mpando wapafupi anathandiza kupotoza chigongono. Dzanja litatuluka, pakhungu panali mizere yozama ya ulusi.

Theka anadula msoko wa paphewa ndi mano, anapeza nsonga ya ulusi, n'kuima. Masiku anayi a ntchito anali m'manja mwake, pamodzi ndi matuza ake. Anakoka. Mzere woyamba unasungunuka, kenako wachiwiri. Bambo anatambasula manja kuti aziukulungira ulusiwo, womwe unkatuluka wopotanapotana chifukwa cha kukokedwa kuja.

Atafika pakati anasiya mwadzidzidzi. "Mayo! Singano ndazisiya pamwamba pa kabati!"

Kumbuyo kunamveka kuusa moyo kwakutali. Kenako chikwama cha m'manja chinatseguka, ndipo singano ziwiri zachitsulo zinatulukira pakati pa mipando.

"Mwana ndinabereka ndekha, ndingalephere kumudziwa?" anatero mayi. "Ndinakwera pampando m'mawa, msana wangawu. Tenga. Ndipo ukandibaya nazo Kamlomo pa mabampu, utsika."

Theka anazilandira ndi manja awiri. Atamaliza kumasula, anayala mkono wabwino uja pamiyendo pake kuti aziyezera, n'kuyamba mzere woyamba. Anafunsa kondakitala kuti kwatsala nthawi yaitali bwanji.

"Maola asanu ndi limodzi, ngati tayala silitichita chipongwe."

Mkono woyamba unatenga milungu itatu. Wachiwiri unatenga masiku anayi. Theka anayang'ana bambo, omwe tsopano anali ndi malaya okha pafupi ndi zenera lija, tsemwe litatuluka m'manja monse. Zala zake zinayamba kuthamanga, ulusi n'kuyamba kulimba pa singano.

Bambo anaika dzanja lawo lozizira pa dzanja lake. "Wayambanso kukoka. Kuthamanga si kufika."

"Koma mukuzizidwa, ababa. Ndipo azakhali..."

"Ndazizidwa miyezi iwiri, maola asanu ndi limodzi sangandiphe. Azakhali ako ukawaonetse chimene chilipo, chotha kapena chosatha, koma chikhale choona. Masula mzere umenewo, uyambirenso."

Theka anamasula. Anapuma, anafewetsa zala, n'kuyambiranso pang'onopang'ono. Atamaliza mizere isanu anaiika pa mkono woyamba uja, ndipo m'lifupi munafanana ndendende. 

Injini inasintha kulira, basi n'kuyamba kukwera chitunda choyamba. Kutsogolo mapiri anali atafunda nkhungu, ndipo mphepo ya pazenera inazizira kuposa kale. Bambo anabisa manja m'khwapa, n'kutsokomola kawiri. Foni ya mayi inalira m'chikwama.

"Ndi alamu," anatero mayi atayang'ana. "Akuti afika kale pa siteji, akufunsa ngati achimwene awo avala juzi ija. Ndiwayankhe chiyani?"

Theka sanadzutse mutu pa singano. Anatambasula dzanja limodzi kumbuyo.

"Bweretsani, amayi. Ndiyankha ndekha."